Homuweki ya mwana yandichititsa manyazi, mbalame ili pa chizindikiro cha dziko lathu ija ndi chani?

Make Tadala: Abale ndithandizeni koma musandiseke. Mwana wanga wa sitandade 6 anabwera dzulo ndi homuweki, funso lake akuti tchulani mbalame yomwe ili pa chizindikiro cha dziko la Malawi, chija chimakhala pachikuto cha pasipoti ndi pa makalata a boma chija, coat of arms. Ine ndili pa mbaula ndikuvundula nsima osaganiza n'komwe ndangoti lemba tambala. Lero wabwerako atatupa, aphunzitsi amuthetha ndi bolopeni yofiira ndiye akuti amayi inu mwandilakwitsa dala. Kodi si tambala?? Zaka zonsezi ine ndimadziwa kuti ndi tambala

Wakunyanja: kkkkk mayi mwamupha mwana. Ndi nkhwazi imeneyo

Make Tadala: Ngwazi? Pali Kamuzu pamenepo?

Wakunyanja: NKHWAZI mayi, ya nthenga, yodya chambo. Osati Ngwazi ya litchowa kkkk

Mjoni: Gulu lino lidzandiphetsa ndi nthiti. Ndili mu taxi anthu akundiyang'ana

Aphunzitsi Opuma: Make Tadala musadandaule, simuli nokha, ine ndaphunzitsa pulayimale zaka zambiri ndipo funso limeneli ana ambiri amalemba tambala, ena njiwa, wina anandilembera khwangwala ndinaseka mpaka kutuluka m'kalasi. Tengani pasipoti kapena chiphaso chilichonse cha boma muyang'ane bwino kuyambira pansi. Pansi penipeni pali mawu aja Unity and Freedom, pamwamba pake phiri la Mulanje, ndiye paphiripo paima mkango mbali ina kambuku mbali ina atagwira chishango. Chishangocho chagawidwa patatu, mmwamba mizere yokhotakhota ya buluu ndi yoyera ndiyo nyanja, pakati pofiira pali kamkango kena kagolide kakuyenda, mmunsi pakuda dzuwa likutuluka. Pamwamba pa chishango pali chisoti chachitsulo ngati cha asilikali akale a ku Ulaya, ndiye pamwamba pa chisoticho ndi pomwe pali mbalame yanuyo, nkhwazi itatambasula mapiko ngati ikunyamuka pamadzi, kumbuyo kwake dzuwa. Chizindikirochi chinaperekedwa pa 30 June 1964, kutatsala masiku ochepa kuti tilandire ufulu pa 6 July.

Make Tadala: Ndatenga pasipoti yotha ntchito ya bambo ake, eeh zoona mlomo wake ngokhota. Tambala alibe mlomo wotere. Nanga tambalayu ndamutenga kuti ine

Aphunzitsi Opuma: Mwamutenga m'thumba mwanu momwe. Ndalama yathu kwacha ndi tambala inayamba mu 1971, ndipo kakobiri ka 1 tambala koyambirira kanali ndi tambala weniweni. Komanso tambala wakuda ndi chizindikiro cha Kongeresi, ife tinakula naye pa nsalu, pa makadi, pa baji, ndipo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 munthu umasankha tambala wakuda kapena nyali. Ndiye mutu wa munthu wamsinkhu wathu ukamva kuti mbalame ya boma umathamangira komweko. Koma tambala ndi wa chipani, nkhwazi ndi ya dziko.

Adimini: Ndaona mawu oti chipani. Ndikukumbutsa malamulo a gulu, tikambe za mbalame, za ndale kuli magulu ake

Mjoni: Adimini inu mbalame zimenezi ndi ndale zokhazokha, mudikire muone

Wa ku Chipata: Ndalowa mochedwa koma ndinene, nkhwazi ni yathu anzathu. Ife ili pa mbendera penipeni, ya olenji, pakona pamwamba pa mizere itatu ija. Ili pa coat of arms pamwamba pa khasu na piki. Ili pa ndalama za pepala. Nyumba yogona a Pulezidenti ku State House ni Nkwazi House, timu ya apolisi ni Nkwazi FC, ngakhale ndeke ikulu ya Zambia Airways ija DC-10 inali na dzina la Nkwazi. Imwe mwangoiika kamodzi pamwamba pa chisoti mpaka amayi a Tadala osaiona, ndiye muziti ni yanu?

Wakunyanja: Achimwene a ku Chipata pang'onopang'ono. Kwanu ku Chipata nkhwazi munaimvapo ikulira? Ife imatidzutsa m'mawa. Ndipo timu ya apolisi kuno ndi Blue Eagles ndiye pamenepo tafanana

Wa ku Chipata: Bwerani ku Luangwa olo ku Kariba mukazione zili mbwee pa mitengo

Aphunzitsi Opuma: Musalimbane ana anga chifukwa nkhani yake ikuchititsani manyazi nonse awiri. Mbalameyi pa zizindikiro inayambira kwa atsamunda. Northern Rhodesia, yomwe ndi Zambia lero, inali ndi chishango cha mizere yoyera yotsika pa chakuda, ndiwo mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamwamba pake nkhwazi itagwira nsomba ndi zikhadabo. Ife a Nyasaland tinalibe mbalame ayi, chathu chinali kambuku ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka, mawu ake achilatini Lux in Tenebris kutanthauza kuwala mu mdima. Ndiye itabwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 anaphatikiza, anatenga dzuwa lathu, mkango wa ku Southern Rhodesia, mizere ya mathithi ya ku Northern Rhodesia kuziika pa chishango chimodzi, kambuku wathu n'kugwira mbali ina, ndipo pamwamba pa zonsezo anaikapo nkhwazi ija ndi nsomba yake. Ndiye taganizani, chitaganya chomwe makolo athu anamangidwira ena kufa kumene mu 1959 pochikana, mbalame yake ndi yomweyi yomwe tikukanganiranayi. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, mbalame inatsala.

Mjoni: Adimini ndinanena ine

Wa ku Chipata: Aphunzitsi mwanena zoona koma mwasiya mbali yokoma. Pa 24 October 1964 ife tinaisunga nkhwazi koma nsomba tinaichotsa. Yang'anani pa mbendera, zala zake zilibe kanthu. Akuluakulu kwathu amati nsomba ija inali ise anthu akuda mu zikhadabo za mzungu, ndiye ufulu utabwera nsomba inapulumuka

Wakunyanja: Kapena inadyedwa kkkk. Nkhwazi ikagwira siitaya aise

Make Tadala: Yathuyi nayo ndaiyang'anitsitsa ilibe nsomba

Mjoni: Ndi chifukwa chake chambo chinadula, ngakhale nkhwazi ya boma sikuchikwanitsa

Wakunyanja: Koma kunena zoona, inu amene mumangoiona pa pepala simukuidziwa mbalame imeneyi. Ine ndakulira kunyanja, bambo anga anali ndi bwato ndi chilimira. Nkhwazi imakhala pa mtengo wautali m'mbali mwa nyanja tsiku lonse osachita kanthu, mutu ndi chifuwa mbee, mapiko akuda, mimba yofiirira, ndipo zimakhala ziwiriziwiri, yaikazi ndiye yaikulu kuposa yaimuna, mapiko ake ikatambasula amapitirira mamita awiri. Ikamalira imaponya mutu chagada mpaka kukhudza msana, inzake n'kuyankha, mawu ake amamveka kutali kwambiri pamadzi m'mawa kuli zii. Ikaona nsomba siimira ngati mbalame zina ayi, imabwera chotsetsereka miyendo ili patsogolo n'kungoitsomphola pamwamba pa madzi osanyowa n'komwe. Kuphazi kwake ndi kokhakhala ngati sandipepa ndiye ngakhale mlamba woterera uja suipulumuka. Tsiku lina ndili mwana ndinaona itagwira nsomba yoposa mphamvu zake, inalephera kunyamuka koma kusiya ayi, inayamba kupalasa ndi mapiko ngati munthu ali ndi nkhafi ziwiri mpaka kukafika pamchenga, itatopa ili wefuwefu nthenga zonse zitanyowa, ife ana tinathamangira kuti tiilande bambo anatikalipira kuti amene wavutikira ndiye adye. Koma chomwe sakuuzani ku sukulu ndi chakuti nkhwazi ndi mbava. Imadikira mbalame ina ivutike kugwira nsomba, iyo n'kuithamangitsa mpaka itaye. Zoola zomwe imadya ikasowa. Anyamata a maboti ku Cape Maclear amaidziwa ulesi wake, amangoimba likhweru n'kuponya kansomba, iyo ndi imeneyo kutsika azungu n'kumajambula.

NaBanda wa ku Leeds: Ndiye mwati chizindikiro cha dziko ndi mbalame yolanda za anzake ndi yodikira zoponyeredwa ndi azungu? Ine sindinanene kanthu adimini

Adimini: Chemwali ndikukuonani

Aphunzitsi Opuma: Chodabwitsa n'chakuti dandaulo la Wakunyanja linanenedwapo kale ku America. Chiwombankhanga chawo cha mutu woyera chija ndi pachibale ndi nkhwazi yathu, nacho chimadya nsomba, nacho chimalanda. Anachiika pa chidindo cha dziko mu 1782, phazi lina chagwira mivi 13 phazi lina nthambi ya azitona. Ndiye Benjamin Franklin, uja ali pa 100 dollars, analembera mwana wake wamkazi kalata mu 1784 kudandaula kuti mbalameyi ndi ya khalidwe loipa, siipeza chakudya mwachilungamo, ndipo anati bola nkhukundembo. Anthu posankha mbalame za pa zishango sayang'ana khalidwe, amayang'ana kaimidwe. Chimene chimauluka pamwamba kuposa zonse, cha maso akuthwa ndi zikhadabo, basi chimenecho. Aroma ankanyamula chiwombankhanga pa ndodo patsogolo pa gulu lililonse lalikulu la asilikali ndipo kuchitaya kunkhondo chinali chitonzo chachikulu, mafumu a ku Ulaya anatengera kumeneko, mpaka lero Germany, Austria, Poland onse ndi chiwombankhanga. Cha ku Poland ndi choyera chovala chisoti chachifumu, a komyunizimu atalowa anachivula chisoticho, mu 1990 anachivekanso. Mbalame yomweyo, kungosintha chipewa malinga ndi amene ali pampando, ngati nsomba ya a ku Chipata ija.

Mjoni: Nanga zija za mitu iwiri? Ndinaona pa jezi ya Albania

Aphunzitsi Opuma: Albania, Serbia, Russia, Montenegro. Zinachokera ku ufumu wa Byzantium womwe likulu lake linali Constantinople, Istanbul ya lero. Ambiri amamasulira kuti mutu wina wayang'ana kummawa wina kumadzulo

Gogo Nasi: Atambala awiri salira khola limodzi, nanga mitu iwiri thupi limodzi idya bwanji. Kwathu nkhuku ikaswa chotero timaitana anthu

Make Tadala: kkkkk agogo

Mwana wa ku Mbare: Moni nonse, Chichewa changa ndi cha kuno ku Harare mundikhululukire, agogo anachokera ku Dedza kubwera ku mapulazi kalekale. Ine ndikuti pa mbalame zonse mwatchulazi ya kuno yokha ndiyo sinajambulidwe ndi mzungu mu ofesi. Zimbabwe Bird ndi chosema chenicheni cha mwala wofewa, anazipeza zisanu ndi zitatu ku mabwinja a Great Zimbabwe kufupi ndi Masvingo, mzinda womangidwa ndi miyala popanda dothi kapena simenti zaka mazana ambiri azungu asanafike. Zinali pamwamba pa zipilala zotalika ngati munthu. Akatswiri ena amati ndi hungwe, yomwe ndi nkhwazi yanuyo, ena amati ndi chapungu, chiwombankhanga cha mchira waufupi chija chimauluka chopendama uku ndi uku, ndipo mukaziyang'ana bwino si mbalame zenizeni, zina zili ndi miyendo yonenepa ndi zala ngati za munthu. Hungwe ndi mutupo kuno, pali anthu ndi mbalame imeneyi ndi chiwongo chawo ngati mmene kwanu mulili a Phiri a Banda a Mbewe. Ndiye mu 1889 mlenje wina Willie Posselt anafika n'kudula imodzi pa chipilala chake, kusiya mabulangete, kenako kukaigulitsa kwa Cecil Rhodes, inakathera kunyumba yake Groote Schuur ku Cape Town. Mu 1891 Theodore Bent anatenga zina. Chosekesa ndi chakuti azungu omwewo ankakana kuti anthu akuda sangamange mzinda umene uja, koma mbalame yake anaiika pamwamba pa chizindikiro cha Southern Rhodesia mu 1924, pa ndalama, kenako pa mbendera ya boma la azungu la Ian Smith. Ufulu utabwera mu 1980 inakhalabe, lero ili pa mbendera ndi pamwamba pa chizindikiro patsogolo pa nyenyezi yofiira, kumbuyo kwa chishango kuli khasu ndi mfuti ya AK.

NaBanda wa ku Leeds: Zinabwezedwa zimenezo?

Mwana wa ku Mbare: Zinayi South Africa inabweza mu 1981 koma osati ulere, anasinthanitsa ndi tizilombo touma ta ku museum, njuchi mavu nyerere zobaya pa mapini zija. Theka lina la mbalame imodzi linali ku Germany linabwera mu 2003 kudzalumikizidwa ndi mutu wake

Wakunyanja: Kuba katundu wako kenako kukuuza kuti ulipire ndi mavu. Imeneyo ndiye nkhwazi yeniyeni

Mjoni: Kuno ku Joni anachita zosiyana, iwo anafufuta zonse n'kuyamba pa zero. Chizindikiro chatsopano chinatuluka pa 27 April 2000 nthawi ya Mbeki, pamwamba pali secretary bird itakweza mapiko, chifuwa chake ndi duwa la protea. Amene simunaione, ndi mbalame ya miyendo itali ngati ya kakowa koma mutu wa chiwombankhanga, kunkhongo kuli nthenga zotuluka ngati munthu wabaya mabolopeni m'tsitsi, imayenda pansi m'tchire n'kumapha njoka ndi mateche. Ndinaiona kamodzi tikupita ku Limpopo ikuponda chinthu mu udzu ngati ikuvina. Koma funsani mwana wa kuno mbalame ya dziko akuuzani blue crane, ija inali pa 5 cents, ndiye nawonso ali ndi vuto la Make Tadala. Sudan nayo ndi secretary bird. South Sudan itapatukana mu 2011 inasankha chani? Nkhwazi. Namibia 1990? Nkhwazi pamwamba. Ndiye a ku Chipata ndi Wakunyanja mukulimbirana mkazi woti ali ndi zibwenzi mayiko anayi

Wa ku Chipata: Koma ukwati wa ku tchalitchi unachitikira ku Lusaka, pa mbendera ili kwathu chabe

Adimini: kkkk apa ndiye ndagonja, pitirizani

NaBanda wa ku Leeds: Ine ndili ndi yanga yomwe inandisowetsa tulo. Nditangofika kuno ndinapita mtauni kukasaina mapepala, ndikudutsa pa Civic Hall ndikuona pamwamba pa nsanja akadzidzi awiri agolide akuluakulu, pansinso ena pa zipilala. Ndinaima kaye. Kenako ndikuona pa mabini, pa makalata a khonsolo, paliponse chizindikiro cha mzinda chili ndi akadzidzi atatu, awiri ovala tizisoti tachifumu agwira chishango wina wakhala pamwamba. Ndinaimbira mayi anga kumudzi ndikuti amayi kuno boma lake ndi la akadzidzi, iwo anangoti Yesu, bwerera mwana wanga. Kwathu kadzidzi akangolira padenga usiku anthu sagona, wina amatuluka ndi chikuni cha moto kukamuponyera, m'mawa mwake nkhani ili m'mudzi monse kuti kunyumba kwa auje kukubwera maliro. Kuno mwana akakhoza kusukulu amamupatsa sitika ya kadzidzi wovala magalasi

Aphunzitsi Opuma: Akadzidzi a ku Leeds anachokera pa chishango cha banja la Savile, Sir John Savile ndiye anali mkulu woyamba wa tauniyo itapatsidwa chikalata chake mu 1626. Zoti kadzidzi ndi nzeru zinachokera kwa Agiriki, anali mbalame ya mulungu wawo wamkazi Athena ndipo ankamudinda pa ndalama za ku Athens, mpaka lero 1 euro ya ku Greece ili ndi kadzidzi. Ndiye muone, mbalame ndi imodzi, usiku imaona chimodzimodzi ku Dowa ndi ku Athens, ena anati poti imaona mumdima ndi yanzeru, ife tinati poti imayenda mumdima ndi ya afiti. Chonsecho iyo ikungosaka makoswe omwe akutithera chimanga mu nkhokwe.

Gogo Nasi: Aphunzitsi nzeru zanuzo zili apo, akalira padenga panga ndimuponyerabe chikuni

WaLiverpool: Mwalankhula za maiko mokwanira, mbalame yotchuka pa Malawi pano kuposa nkhwazi ili pachifuwa panga. Liver bird. Pitani pa shoo ya mpira Loweruka muwerenge majezi ofiira

Mjoni: Bakha uja?

WaLiverpool: Ulemu pang'ono man

NaBanda wa ku Leeds: Mlamu si bakha koma si patali kkkk. Ndinapitako ku Liverpool, pa Royal Liver Building ya 1911 pali ziwiri zikuluzikulu, ina yayang'ana kunyanja ina kumzinda. Pa chizindikiro cha mzinda imalembedwa kuti cormorant, Wakunyanja mukuidziwa, yakuda ya khosi lalitali imamira kusaka nsomba kenako n'kukhala pamwala itayanika mapiko ija. Kukamwa kwake yaluma ndere za m'nyanja

Wakunyanja: Imeneyo?? Ija imanyera miyala mpaka kuyera mbuu? Pa zilumba kwathu fungo lake simungaime. Ndiye anthu akulipira ma 30 pin kugula jezi yake

Aphunzitsi Opuma: Ndipo olemba mbiri ambiri amati poyamba inayenera kukhala chiwombankhanga cha Yohane Woyera, polemekeza Mfumu John yemwe anapatsa tauniyo chikalata mu 1207, koma wosema chidindo sanali katswiri, mibadwo yotsatira poyang'ana inati iyi ndi mbalame ya m'madzi. Ndiye ndi chiwombankhanga chomwe chinalakwika pojambula

WaLiverpool: Cholakwikacho chili ndi ma Champions League 6. Tambala wa Tottenham wojambulidwa bwinoyo ali ndi angati

Make Tadala: Oho ndiye tambala aliko ndithu pena pake! Mwina ndinaona kumeneko

Mjoni: Alipo mayi, France pa jezi ndi tambala chifukwa pa chilatini gallus ndi tambala komanso ndi munthu wa ku Gaul dzina lakale la dzikolo. Ndipo Kenya ndiye inachita zomwe inu mumaganiza, pakati pa chishango chawo pali tambala wanyamula nkhwangwa, yemwe analinso chizindikiro cha KANU chipani cha Kenyatta. Mukanakhala ku Nairobi Tadala akanakhoza. Mpira wa ku England ndiye ndi khola lenileni, Crystal Palace chiwombankhanga, Brighton mbalame za kunyanja zolanda tchipisi zija, Norwich kambalame kachikasu, Swansea, Cardiff, West Brom, Sheffield Wednesday ndi kadzidzi wa a NaBanda

Aphunzitsi Opuma: Poti tafika ku England ndikuuzeni ziwiri zomwe zimandisangalatsa ine, za mbalame zomwe ojambula zishango anazipotoza dala. Kumeneko kuli ofesi yakeyake yoona zimenezi, College of Arms ku London, ilipo kuyambira 1484, ndipo ali ndi malamulo ngati a galamala. Yoyamba ndi kambalame kotchedwa martlet, kofanana ndi namzeze koma amakajambula kopanda mapazi, timanthenga chabe pomwe panayenera kukhala miyendo, chifukwa akale ankakhulupirira kuti sikatera pansi. Sussex ili nato tisanu ndi kamodzi. Ndiye pa malamulo awo mwana wamwamuna wachinayi m'banja amaika kambalame kameneka pa chishango cha bambo ake, ndipo amamasulira kuti poti munda ndi nyumba zimapita kwa woyamba, iye alibe poponda, aziuluka akadzisakire yekha.

Wakunyanja: Ameneyo ndi mkamwini. Tipangireni baji akamwini tonse, namzeze wopanda miyendo

Gogo Nasi: Mkamwini miyendo ali nayo, ndi yobwererera kwawo akalakwa

Aphunzitsi Opuma: kkkk mayi inu. Yachiwiri ndi vuwo, pelican, wa chikwama kukhosi uja. Pa zishango samujambula akumeza nsomba ayi, amamujambula ali pachisa akudzijompha pachifuwa magazi akudontha ana ake akumwa. Ankakhulupirira kuti njala ikavuta amadyetsa ana magazi ake, ndiye mpingo unatenga ngati fanizo la Khristu, akatolika ndi a Anglican yang'anani pa zovala za ansembe ndi pa maguwa ena mudzamuona. Makoleji a Corpus Christi ku Oxford ndi ku Cambridge ali naye, mbendera ya Louisiana ku America ilinso naye. Chonsecho vuwo sachita zimenezo, amangotsamiritsa mlomo pachifuwa pobzikula nsomba za ana

Wakunyanja: Vuwo ndimamudziwa ine, kudzijompha iye? Angayambe wameza mwana wa mnzake

NaBanda wa ku Leeds: Ine yomwe imandimvetsa chisoni ndi ya Mauritius. Pa chizindikiro chawo chishango chagwiridwa ndi gwape mbali ina, mbali ina dodo, mbalame yonenepa yosauluka yomwe inatheratu m'zaka za m'ma 1600 amalinyero atafika pachilumbapo ndi nkhumba ndi makoswe awo. Ilipo pa pasipoti basi, yamoyo palibe ndi imodzi yomwe

Wakunyanja: Chemwali mwandikhudza. Nkhwazi sikuti yatsala pang'ono kutha ayi zilipo zambiri mu Africa, koma kwathu komwe ndinakulira mitengo italiitali ya m'mbali mwa nyanja yomwe zinkamangapo zisa inapita ku makala ndi ku mabwato, pena pamangidwa ma loji, nsomba nazo ndi izi tikukokera ndi maneti a udzudzu. Ndili mwana m'mawa umamva mbali zonse, chaka chatha ndinakhala kumudzi sabata yathunthu ndinamva kawiri kokha, mwana wa mlongo wanga wa zaka 9 ndinachita kumulozera kuti iyo, anati ankolo si kabawi ameneyo?

Wa ku Chipata: Apa ndiye sitikangana mlamu, ni zoona

Mjoni: Uganda nayonso crane yawo ya chisoti chagolide ija, ili pa mbendera ndi pa chizindikiro ndipo timu ndi Cranes, koma ili pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pangozi chifukwa madambo akulimidwa

Make Tadala: Eeh abale ine ndinangofunsa funso la malikisi awiri. Tadala ali pompano akuwerenga nawo, akuti mumuuze ina yodabwitsa yoti akawagometse aphunzitsi mawa abweze ulemu

Aphunzitsi Opuma: Tadala mdzukulu wanga tenga iyi. Indonesia chizindikiro chawo ndi Garuda, mbalame ya m'nthano zawo. Ukawerenga nthenga, phiko lililonse lili ndi 17, mchira 8, pansi pa chishango 19, pakhosi 45. Ndiye kuti 17, mwezi wa 8, 1945, tsiku lomwe analengeza ufulu wawo. Kalendala yonse ili pa nthenga. Ina, Guatemala ali ndi mbalame yobiriwira ya mchira wautali quetzal pa chizindikiro chawo ndipo ndalama yawonso dzina lake ndi quetzal, ndiye si ife tokha ogula zinthu ndi dzina la mbalame. Ukawauzenso kuti mbendera yathu inasinthidwa mu 2010 n'kubwezedwa mu 2012 koma nkhwazi pa chizindikiro palibe anaigwira kuyambira 1964

Mwana wa ku Mbare: Ndipo Mexico chiwombankhanga chili pa cactus chikudya njoka, pomwe Aaztec anachiona ndi pomwe anamanga mzinda wawo, Mexico City ya lero

WaLiverpool: Umuuzenso za ma Champions League 6

Adimini: WaLiverpool chenjezo loyamba

Make Tadala: Zikomo nonse, walemba mu kope mpaka peji yadzaza. Koma tsopano wandibweretsera ina ya mawa, akuti nyama ziwiri zagwira chishango ndi chani, ine ndati mkango ndi nyalugwe, iye akuti aphunzitsi a pa gulu alemba kambuku ndiye sakundikhulupiriranso. Ndi chimodzi kapena ndi ziwiri zosiyana? Yankhani msanga magetsi athima foni ili pa 4%

Wakunyanja: Ndi chimodzi mayi

Wa ku Chipata: Kwathu timati kaingo

Make Tadala: A ku Chipata chonde musandisokonezerenso mwana